ZITHUNZI ZA PANSI PA NTHAKA, NDI AMISIRI AMENE ADAZIPANGA

Mwezi uno tafuna kukusimbirani nkhani ya ku maiko akutali. M'mizinda ina yaikuru anthu adachuruka kotero kuti miseu ya pamwamba idaleka kuwakwanira, ndipo eni mizindayo adapangana zokumba njira pansi pa nthaka, monga achitira mfuko m'munda wa mbatata, nayalamo njanje, kuti sitima ziziyenda kunsi kwa nyumba, kwa misika ndi kwa mitsinje yomwe. Munthu atsika pa makwerero, nalowa m'sitima, ndipo posachedwa waturukira kale ku mbali yina ya mzinda, osaona dzuwa pa ulendo wake wonse.

Njanje yoyamba yotere idatsegulidwa ku London chaka cha 1863. Masiku amenewo sitima zidali kuyendera moto wa malasha, ndipo utsi udali kudetsa makoma ndi kutsamwitsa anthu, kufikira adapeza nzeru yoziyendetsa ndi magetsi. Pambuyo pake mizinda yina idatsata: Paris chaka cha 1900, Moscow 1935, Stockholm 1950, ndipo muno m'Afrika mzinda woyamba udali Cairo, chaka cha 1987.

Tsono taganizani. Wantchito wa m'mizinda imeneyi atsikira kunsiko m'mawa popita ku ntchito, natsikiranso madzulo pobwerera kwao, masiku onse kufikira atakalamba. Kumeneko kulibe mtengo, kulibe mbalame, kulibe mtambo. Kodi malo otere angosiyidwa ngati dzenje, poti anthu angopitirirapo, kapena ayenera kukometsedwa monga tikometsera nyumba yokhalamo anthu? Mizinda idayankha mosiyana-siyana, ndipo ife tidzanena makamaka za iwiri, Moscow ndi Stockholm.

THAMBO LA M'DENGA KU MOSCOW

Boma la Russia la masiku a Stalin lidafuna kuti masiteshoni ake a pansi aoneke ngati nyumba za mafumu, kuti anthu a maiko onse azizwe ndi mphamvu yake. Tisabise apa kuti zaka zomwezo, makamaka 1937 ndi 1938, boma lomwelo lidali kumanga ndi kupha anthu ake ochuruka, ndipo zithunzi zimene lidalamula zidali kuonetsa dziko la chimwemwe chokha-chokha. Komabe amisiri amene adagwira ntchitoyo adaigwira ndi luso loona, ndipo ntchito yao idakalipo, pamene boma lija lidatha kale chaka cha 1991.

Siteshoni yochedwa Mayakovskaya idatsegulidwa chaka cha 1938, mamita 33 kunsi kwa mseu. M'denga lake muli maenje 34 obulungira ngati mbale zobvundikira, ndipo m'dzenje liri lonse muli chithunzi cha thambo, monga ngati denga labooka ndipo munthu alikuona kunja. Pena muoneka ndege, pena nthambi za mitengo ya zipatso, pena mnyamata alikulumpha. Zithunzizo adaziika motsatana, kuyambira m'mawa, usana, usiku, kufikira mbandakucha, kotero kuti woyenda kuchokera ku mapeto ena a siteshoni kufikira ku mapeto anzake, maso ali kumwamba, apitiriza tsiku lathunthu. Amene adazijambula ndiye Aleksandr Deineka, ndipo dzina lake lidziwika m'dziko lonselo.

Koma Deineka adangojambula pa pepala. Zimene ziri m'dengamo si za utoto ai, pakuti utoto usuluka ndi chinyezi cha pansi. Nza timagalasi ta maonekedwe osiyana-siyana, tofiira, toyera, tachikasu, tobiriwira, timene mmisiri aswa ndi kanyundo kufikira titachepa ngati chikhadabo, natilumikiza kamodzi-kamodzi pa simenti, kutsata chithunzi cha pa pepala chija. Nkhope imodzi yokha ifuna timagalasi tosawerengeka, ndipo kagalasi kamodzi kakalakwika maonekedwe ake, diso la munthu wa m'chithunziyo likhala lakufa. Ntchito yake njofuna kudekha koposa ya kuluka mkeka kapena kutunga mikanda. Amene adaigwira ndiye Vladimir Frolov pamodzi ndi amisiri ake, mu mzinda wa Leningrad, umene lero uchedwa Saint Petersburg.

MMISIRI WA MU MZINDA WA NJALA

Frolov adabadwa chaka cha 1874, m'banja la amisiri a ntchito yomweyi. Ali mnyamata adatsogolera amisiri amene adakuta ndi timagalasi tchalitchi chachikuru cha mu mzindamo, chochedwa cha Mpulumutsi pa Mwazi, chimene chidatha kumangidwa chaka cha 1907. M'menemo muli zithunzi za Ambuye, za Amai Maria ndi za oyera, kuyambira pansi kufikira m'denga. Boma litasintha, ntchito za m'matchalitchi zidaletsedwa, ndipo manja omwe aja amene adapanga nkhope za oyera adayamba kupanga nkhope za alimi ndi za osula zitsulo.

Atatha ntchito ya Mayakovskaya, adamtuma kuti apange zithunzi zina za Deineka za siteshoni yatsopano. Ntchito iri m'kati, nkhondo idabuka. Mwezi wa September 1941 asilikari a Hitler adazinga Leningrad, natseka njira zonse za pamtunda, ndipo mzindawo udakhala wozingidwa masiku 872. Pofika November chaka chomwecho, munthu wosagwira ntchito ya m'fakitale adali kulandira buledi wolemera magalamu 125 okha pa tsiku, kachidutswa kosadzaza chikhato. Kuzizira kudafika pakuti madzi adali kuuma ngati mwala m'nyumba momwe. Anthu oposa 600,000 adafa ndi njala mu mzinda umodziwo.

M'masiku otere nkhalamba ija idakhalabe pa ntchito yake, m'chipinda chopanda moto, iri ndi kanyali ka palafini, kuswa timagalasi ndi zala zouma ndi chisanu. Ndipo zithunzi zimene idali kupanga sizidali za nkhondo: zidali za anthu othyola zipatso m'munda, za omanga nyumba, za osula zitsulo, za thambo lowala. Idazitsiriza, ndipo mwezi wa February 1942 idamwalira, iri ndi zaka 67, niikidwa m'manda amodzi ndi anzake ena amene adafa nyengo yomweyo. Zithunzizo adaziolotsa pa nyanja ya Ladoga, imene idali njira yokha yoturukira mu mzindamo, nazifikitsa ku Moscow, naziika m'denga la siteshoni ya Novokuznetskaya, imene idatsegulidwa mwezi wa November 1943, nkhondo isanathe. Mwini wake sadazione ziri m'malo mwake. Anthu apita kunsi kwa dengalo tsiku ndi tsiku, ena akweza maso, ena sakweza, koma magalasiwo awalabe monga tsiku lija adaikidwa.

AMAI AWIRI A KU STOCKHOLM

Ku Sweden nkhani idayenda mwa njira yina. Kumeneko mau sadachokere kwa olamula, koma kwa amisiri eni ake. Mzinda wa Stockholm udamangidwa pa zilumba 14, ndipo pamene njanje ya pansi idayamba chaka cha 1950, masiteshoni ake oyamba adali opanda chokometsa. Pamenepo amisiri ena adadandaula, ndipo otsogola pakati pao adali amai awiri ojambula, Vera Nilsson ndi Siri Derkert, onse awiri obadwa chaka cha 1888. Mlandu wao udali uwu: zithunzi zabwino zikhala m'nyumba za olemera ndi m'nyumba zosungiramo zithunzi, kumene wochapa zobvala ndi wonyamula katundu safikako, nanga bwanji osazipereka ku malo amene anthu onse apitako, kuti wogula tikiti ya sitima akhale atagula ndi mwai wakuziona?

Adaumirira osatopa, kufikira chaka cha 1955 nkhaniyo idalowa m'bwalo la akuru a mzinda, ndipo akuru a magulu osiyana adabvomerezana. Adaitana amisiri kuti apikisane, ndipo chaka cha 1957, potsegula siteshoni yaikuru ya pakati yochedwa T-Centralen, ntchito zao zidaoneka pa makoma ndi pa mizati. Vera Nilsson adakuta mzati umodzi ndi timagalasi, kukumbutsa dera lakale la mzinda lochedwa Klara, limene zaka zomwezo adali kuligumula kuti amangepo nyumba zatsopano. Siri Derkert adazokota mzati wina, naonetsapo akazi ali pa ntchito zao.

Koma ntchito yaikuru ya Siri Derkert iri pa siteshoni ya Östermalmstorg, imene idatsegulidwa chaka cha 1965, iye ali ndi zaka 76. Masiku amenewo anthu a ku Ulaya adali ndi mantha akuru a nkhondo ya mabomba a atomu, ndipo siteshoniyi, pokhala yakuya, idakonzedwa kuti ikhalenso pothawira nkhondo ikabuka. Maiyo adaganiza kuti ngati anthu adzabisala m'menemo, makoma ake ayenera kulankhula za mtendere. Sadagwiritse utoto. Adajambula mizere yake, ndipo mizereyo adaizokota m'konkire ndi mchenga wouluzidwa ndi mphamvu ya mpweya, umene udya konkire monga chiswe chidyera mtengo. Woyang'ana msanga ayesa kuti ana adakanda khoma ndi msomali. Koma akaima pang'ono aona nkhope za amai ndi ana, anthu obvina ndi oimba, maina a akazi olemba mabuku ndi a anthu omenyera mtendere, ndiponso liu lakuti mtendere lolembedwa m'zinenero zambiri. Ena adanyoza ntchitoyo, nati nja chibwana. Mai Derkert adamwalira chaka cha 1973, ndipo lero khomalo liwerengedwa pakati pa ntchito zomveka za dziko lao.

MAPANGA OJAMBULIDWA

Zaka za m'ma 1970 okumba adapeza njira yotsika mtengo. Pansi pa Stockholm pali thanthwe lolimba; tsono m'malo momanga makoma osalala, adali kuphulitsa thanthwelo, nalipopera konkire yopyapyala, nalisiya liri ndi mabampu ake, kotero kuti siteshoni ioneka ngati phanga la m'phiri. Amisiri adakondwa nazo, pakuti tsopano adali ndi phanga lathunthu lakulijambula, denga ndi makoma omwe.

Chaka cha 1975 adatsegula njira yatsopano yopita kunsi kwa T-Centralen, napereka phanga lake kwa Per Olof Ultvedt. Iye poona kuti pamenepa mpamene anthu athamanga ndi kupanikizana koposa, adasankha maonekedwe awiri okha oziziritsa mtima, oyera ndi obiriwira ngati thambo, najambula masamba ndi mitengo yoyanga yokwera kufikira m'denga. Ndipo adachita chinthu china chimene tifuna kuti muchisunge. Pa makoma ndi m'denga la njira yolowera adajambula zithunzithunzi za antchito amene adakumba ndi kumanga siteshoniyo, wina ali ndi nyundo, wina ali pa makwerero, wina alikulumikiza zitsulo. Anthu amene kawiri-kawiri aiwalika tsiku lotsegulira, pamene akuru alikudula nsalu ndi kulankhula, iye adawaika poti aoneke masiku onse.

Chaka chomwecho, pa siteshoni ya Solna Centrum, Anders Åberg ndi Karl-Olov Björk adapaka denga lonse utoto wofiira ngati thambo la madzulo, ndipo kunsi kwake adajambula nkhalango yobiriwira yotalika pafupi-fupi kilomita imodzi. Atatha adaona kuti nkhalango yokha siikwanira, nayamba kuonjezamo nkhani zimene zidali kuwawa anthu a kwao masiku amenewo: midzi yotsala mabwinja chifukwa anyamata apita ku tauni, mitengo yodulidwa mosasamala, utsi ndi zonyansa za m'mafakitale. Nkhani zimenezi sitifunika kukumasulirani, pakuti muzidziwa.

Ku Tensta, dera lokhala anthu ambiri obwera kuchokera ku maiko ena, mai wina, Helga Henschen, adajambula maluwa, mbalame ndi nyama pa makoma oyera, nalembapo mau a ubale m'zinenero zosiyana-siyana, natcha ntchito yake duwa lopatsa alendo. Adafuna kuti mlendo, pobwerera madzulo atatopa, apeze liu limodzi la chinenero cha kwao pa khoma la dziko la eni. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Maiyu adaona kuti mlendoyo afunikanso kumlonjera.

Masiteshoni ena tingowatchula. Ku Stadion, chaka cha 1973, Enno Hallek ndi Åke Pallarp adakunga uta wa Leza pakati pa phanga. Ku Kungsträdgården, chaka cha 1977, Ulrik Samuelson adapanga ngati munda wa pansi, naikamo mafano a miyala okumbutsa nyumba yaikuru ya Makalös, imene idapsya chaka cha 1825. Pofika chaka cha 2020 Stockholm adali ndi masiteshoni 100, ndipo oposa 90 mwa iwo adali ndi ntchito za amisiri oposa 150. Zonsezi zidaphuka pa kuumirira kwa amai awiri aja ndi anzao.

KU LISBON NDI KU NAPLES

Ku Lisbon, likulu la Portugal, njanje ya pansi idatsegulidwa chaka cha 1959, ndipo ndalama zokometsera zidali zochepa. Mai Maria Keil, amene mwamuna wake Francisco Keil do Amaral ndiye adakonza mamangidwe a masiteshoniwo, adatenga matailosi a dothi lootcha, amene anthu a kumeneko adali kukometsera nao matchalitchi ndi nyumba kuyambira kale, koma masiku amenewo adali kupeputsidwa ngati chinthu chachikale. Iye adawajambula mizere ndi mawanga atsopano, nakuta nao makoma a masiteshoni 19, ndipo luso limene lidali kufa lidatsitsimuka.

Ku Naples, m'dziko la Italy, siteshoni ya Toledo idatsegulidwa chaka cha 2012. Munthu potsika apitirira makoma akuda, kenaka achikasu ngati mwala wa kumeneko, kufikira alowa m'malo obiriwira ngati pansi pa nyanja. M'siteshonimo muli chithunzi chachitali cha timiyala, chimene adachijambula William Kentridge, mwana wa ku Johannesburg. Chionetsa mdipiti wa anthu a mzindawo, oimba, ogulitsa malonda ndi onyamula katundu, ndipo patsogolo pao pali Januwario Woyera, episkopi ndi martiri, nkhoswe ya mzinda wa Naples. Apanso wojambula adali wina, olumikiza timiyala adali ena.

ZIMENE TITOLAPO

Mwina wina adzati: ife tiribe sitima za pansi, nkhani iyi itithandiza chiani? Tiyankha kuti funso limene adafunsa amai a ku Stockholm lifika ndi pakhomo pathu pomwe. Pali anthu amene ayesa kuti kukongola nkwa olemera okha, ndipo kuti wosauka akapeza nsima ndi pogona, zatha. Koma mai amene azira nyumba yake ndi dothi lakuda, nalemba mizere ya dothi lofiira ndi loyera m'munsi mwa khoma, sachita zimenezo chifukwa ali ndi chuma. Woumba mbiya amene alemba timizere pa khosi la mtsuko adziwa kuti madzi sadzakoma koposa chifukwa cha timizereto, komabe atilemba, pakuti mtsukowo udzasenzedwa ndi munthu. Nzeru imeneyi njomweyo imene idatsikira m'mapanga a ku Ulaya. Chifukwa chake malo amene tigwiritsa tonse, chitsime, sukulu, bwalo la msika, chipatala cha m'dera, tisawasiye ngati opanda mwini. Ndipo tilangize ana athu kuti asakande kapena kudetsa chimene wina adachikonza kuti chikondweretse onse.

Chachiwiri ndi ichi: mutu umodzi susenza denga. Pa chithunzi chiri chonse chimene tatchula pali dzina limodzi lomveka, koma kuseri kwake kuli okumba, oswa miyala, ootcha matailosi ndi olumikiza timagalasi. Ultvedt adawakumbuka nawajambula pa khoma. Frolov adafa asanaone denga lake. Nafenso tikaona nyumba yomangidwa bwino, mpando wosemedwa bwino, kapena dengu lolukidwa bwino, tifunse dzina la mwini manjawo, timlipire moyenera, osamnyengerera kuti atsitse mtengo kufikira thukuta lake likhala lachabe.

Potsiriza tinena ndi inu makolo. M'nyumba zambiri muli mwana amene sakhala chete ndi manja: aumba ng'ombe za dothi ku dambo, apinda waya napanga galimoto, ajambula ndi khala pa chitseko. Kawiri-kawiri mwana wotere timkalipira kuti ataya nthawi. Zoona, ayenera kuphunzira kulima, kuwerenga ndi kuthandiza pakhomo monga anzake, ndipo chitseko si malo ojambulapo. Koma mphatso imene ali nayo sadadzipatse yekha, ndipo si kwa ife kuizima. Mpezereni pepala ndi pensulo ngati mungathe, muyang'ane chimene wapanga, ndipo ngati m'mudzi muli mmisiri wokhulupirika, mumtumize kuti akakhale naye masana ena, aphunzire kugwira chipangizo ndi kutsiriza chimene wayamba.